Njinga zonsezi yanga ndi iti?

Abale ine njinga ndinayamba kupalasa ndili sitandade 3, mpaka thumba la chimanga ndinkanyamula pa kaliyala, koma za kuno ku Utrecht, mzinda wa ku Netherlands, zandikwana. Kuno amayenda kumanja pomwe ine thupi linazolowera kumanzere, ndiye tsiku loyamba ndinakhotera kolakwika, agogo ena imvi mbuu anangondiimbira belu nkundidutsa ngati ndaima. Agogo!

Koma chondinyasa kwambiri ndi poimika njinga pa siteshoni ya sitima paja. Malo okwana njinga 12,500, nsanjika zitatu, ndipo njinga zake zambiri zakuda, zakale, zofanana ngati za mimba imodzi. Dzulo ndinaimika bwinobwino nkupita kukayenda m'mbali mwa ngalande ya Oudegracht, pobwera nambala ya mzere ndaiwala, ndiye ndinangokhalira kuzungulira kiyi ali m'manja, kumasuzumira loko iliyonse ngati wakuba, anthu akundiyang'ana cham'mbali. Mmene imapezeka kunja mvula yayamba, mphepo ikumenya kumaso, dziko lopanda chitunda koma kupalasa kwake ngati ukukwera phiri la Zomba.

Pano ndamanga kachitenje kofiira pa handulo, aseke aseke.