Remap yako ija usandilipitse ine

Maganizo anga awa, amene akwiye akwiye basi. Ukamagulitsa galimoto ya turbo yoti unaisinthasintha, ndalama zomwe unamwaza pa ekizozi yaphokoso, ma rimu, dump valve yolira "pshhh" ija ndi remap (kusintha pulogalamu ya kompyuta ya galimoto kuti injini ikhale ndi mphamvu zambiri), zimenezo unkasangalala nazo ndiwe, usaziphatikize pa mtengo ngati ndi phindu kwa ogula. Ndaona ma post a Subaru WRX m'magulu a Facebook, munthu walemba "yakonzedwa full, boost yakwezedwa" kenako mtengo kukwera ndi mamiliyoni angapo kuposa ina yofanana nayo yomwe palibe anaigwira. Aise, ine ndikamva zoti boost yakwezedwa, kutanthauza kuti turbo ikukankhira mpweya wambiri mu injini, ndimaganiza za ma piston kaye, osati speed.

WRX inatuluka ku Japan mu 1992 ndi injini ya EJ20, boxer (ya ma piston ogona chopingasa), mateyala onse anayi amakoka, galimoto yabwino zedi palibe akukana. Koma zambiri zomwe zimabwera kuno zodzera pa Dar mpaka Songwe zinapangidwira petulo wa octane wapamwamba wa ku Japan uja, pafupifupi 100. Wathu kuno safika pamenepo, ndi wosakaniza ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndiye munthu akaonjezeranso boost pa kompyuta ya galimoto osaganizira mafuta omwe akuthira, injini imayamba kugogoda mkati mwakachetechete, iwe kumangomva kukoma pa M1 pomwe ma piston akuphwanyika pang'onopang'ono. Wogulitsayo sakuuzani zimenezo, akuuzani kuti "boss iyi ikangotsegula simuyimva".

Ndiye ogula, ngati galimotoyo mwaikonda ndithu, pitani m'mawa galimoto isanalizidwe, gwirani boneti muone ngati ili yozizira, chifukwa ambiri amaitenthetsa kaye kuti utsi usaoneke. Ilizeni inuyo, muime kumbuyo. Utsi wa buluu ndiye kuti oilo akupsa, mwina ma seal a turbo apita. Tsegulani paipi yopita ku intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo), mukapeza oilo wochuluka mkatimo bwezani mtengo pansi kapena muzipita. Funsani timing belt anaisintha liti, EJ20 lamba akaduka ma valavu amapindika, ndipo bilu yake mukalira nayo kumagalaja a ku Biwi. Makaniko mupite ndi wanu, osati yemwe wabwera ndi mwini galimoto, awo amadyera limodzi nsima.

Ndi zotsitsa galimoto mpaka kutsala pang'ono kukhudza phula zija, pamisewu yathu ya maenje ndi ma hampu, bampala yake kunsi imakhala yokalika kale, gwadani muone.

Mapepala nawo musachite nawo manyazi. Blue book ikhale pa dzina la amene mukumupatsa ndalamayo, osati "ndi ya mlamu wanga ali ku Joni". Nambala ya chassis ndi ya injini zifanane ndi zomwe zalembedwa, makamaka ngati anasinthapo injini, duty ya MRA ioneke kuti inalipidwa, COF ikhale yamoyo, ndipo mupite limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini tsiku lomwelo. Kwa ogulitsa, ma spare oyambirira omwe munachotsa aja, ekizozi yake, air box yake, musataye, mubwezeretse pagalimoto musanaike post, zamakonozo mugulitse padera. Mupeza ndalama zambiri kuposa kuyembekezera munthu alipire phokoso lanu.