Malangizo akanama, tsegulani source code

Sindikufunanso kumva munthu wodzitcha katswiri wa makompyuta akunena kuti "koma malangizo akutero" pamene makina ali pamaso pake akuchita zosiyana. Dzulo ku ofesi kwathu ku Katoto seva, kompyuta imene pulogalamu yathu imakhalapo, imakana anthu ena kulowa m'pulogalamuyo akachuluka, ndipo mnyamata amene timagwira naye ntchito anaumirira mpaka madzulo kuti vuto silingakhale la Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa sevayo, chifukwa chikalata chimene anachipeza pa intaneti chikunena kuti mzere wa odikira kulumikizidwa umafika 4096. Mtima utandikwera ndinamuuza kuti, "Achimwene, tsekani chikalatacho, mutsegule source code." Source code ndi mizere yeniyeni imene opanga pulogalamu analemba kuti makina aziitsatira.

M'fayilo ya include/linux/socket.h ya kernel (phata la Linux) 4.15, imene inatuluka ndi mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu 18.04 ndipo ndi imene ili pa seva yathu, SOMAXCONN, nambala ya malire a mzere wa odikira uja, yalembedwa poyera kuti ndi 128. Nambala ya 4096 inadzabwera ndi Linux 5.4 m'chaka cha 2019. Chopsetsa mtima kwambiri chili mu net/socket.c, mmene muli mizere iwiri ya code yonena kuti pulogalamu ikapempha mzere wautali kuposa malirewo, kernel ingoudula mwakachetechete popanda kupereka uthenga uliwonse. Ife tinkapempha mzere wautali, makina ankatipatsa 128, ndipo chikalata chija sichinatchule n'komwe kuti chikukamba za kernel iti.

Makina sawerenga malangizo. Makina amamvera code, ndipo chimene chalembedwa mu code ndicho chimene chidzachitike, kaya wolemba malangizo akugwirizana nacho kaya ayi. Kaya iye anaiwala, kaya analemba kalekale zinthu zisanasinthe, zimenezo ndi zake. Malangizo amakuuzani zimene munthu wina ankaganiza kuti makina amachita, pomwe code imakuonetsani zimene makinawo akuchita lero. Inde, kuwerenga C, chilankhulo chimene analembera kernel, kumatopetsa, koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimandiwawa n'chakuti mwayi umenewu tili nawo kwaulere. Linus Torvalds anayamba Linux mu 1991, ndipo laisensi yake, yotchedwa GPL, imalola aliyense, ngakhale wa ku Mchengautuwa, kuwerenga mzere uliwonse. Anzathu a Windows malangizo akawasokeretsa alibe kotsegula, amangoyesa ndi kulingalira, koma ife tili ndi khomo lotsegula ndipo tikukana kulowa.

Ndipo musandiuze za kukwera mtengo kwa bandulo, chifukwa source code imatsitsidwa kamodzi, kenako mumafufuza ndi grep, kapulogalamu kosakira mawu m'mafayilo, ngakhale intaneti palibe. Vuto ndi lakuti achinyamata ambiri akutuluka m'makoleji ataloweza manotsi a aphunzitsi kuti akhoze mayeso, osaonapo ngakhale fayilo imodzi ya kernel, ndipo akafika pa ntchito amafuna kuti tiziwatcha mainjiniya.