Masamu ake ali kuti?

Ndakwiya zedi abale anga. Dzulo pamsonkhano wa kugombe kwathu kuno ku Malombe, mayi wina wogulitsa kambuzi anaimirira n'kufunsa funso limodzi lokha: mukatseka nyanja, ife ndi ana tizidya chiyani miyezi yonseyi? Bwana amene anabwera pagalimoto anangoti, "Mayi, limeneli ndi lamulo." Basi. Mayi aja anakhala pansi mwamanyazi ngati alakwa. Ine tulo sindinatione.

Sikuti ndikukana zotseka nyanja ayi. Nsomba ziyenera kuswana. Amene anali ndi nzeru kale m'ma 1980 akudziwa mmene chambo chinkaphedwera m'Malombe muno, lero tikulimbirana kambuzi. Makomiti a m'magombe aja, ma BVC, anayambira konkuno mu 1993 chambo chitayamba kale kusowa. Chinachimaliza tonse tikuchidziwa, makoka a nkacha a maso aang'ono ndi kuchuluka kwathu pamadzi.

Changa ndi chimodzi: masamu ake ali kuti? Musanabweretse lamulo, khalani pansi muwerengere. Mbali ino phindu, mbali inayo zotayika. Chambo chibwerera chochuluka bwanji, patapita zaka zingati, ndipo adzachipha ndani? Nanga amene ataye lero ndi angati, ataya zingati? Mlovi, waganyu wa m'bwato la eni ake, amene amadya za tsiku lomwelo mwamuwerenga? Mayi wa pathandala amene ali ndi ngongole ya banki mkhonde mwamuwerenga? Wakabaza wonyamula madengu, wogulitsa nkhuni zowambira nsomba, mwana amene fizi yake ya Januwale imachokera m'bwato? Onsewa ndi mtengo wa lamulo lanulo. Mukapanda kuwalemba papepala sindiye kuti mtengowo wachoka, mwangousenzetsa munthu amene sangakuyankheni.

Walira mvula walira matope. Inu mwalira mvula, chabwino, koma matopewo akuponda ndani? Mwini maboti akuluakulu ali ndi ndalama kubanki, adikira. Mlovi sadikira. Alowa m'madzi usiku mozemba, kapena atenga nkhwangwa ulendo ku Phirilongwe kukaotcha makala. Ndiye mwapulumutsa nsomba n'kupha nkhalango, mvula ikagwa dothi lonse likukokolokera m'nyanja momwemo mmene nsombazo zimaswera. Zimenezi zinalowa m'masamu anu? Mafuta a boti loyendera nyanja, malipiro a olondera, milandu ya kukhoti, zinalowa?

Ngakhale mayi wogulitsa mandasi amadziwa kuwerengera ufa, mafuta, shuga ndi nkhuni asanayatse moto. Akaona kuti sapeza kanthu sakazinga. Boma lokhala ndi anthu a madigiri lingalephere zimene mayi wa mandasi amachita m'mutu? Ndipo musanene kuti luso lake kulibe. National Planning Commission, bungwe la boma lokonza mapulani a chitukuko, linachitapo ntchito yotereyi m'zaka za 2020 ndi 2021 pansi pa Malawi Priorities, kuwerengera kuti pa kwacha iliyonse imene dziko lalowetsa mu ntchito yakuti, libweza phindu la makwacha angati. Ndiye anthu odziwa alipo. Chovuta n'chiyani kubwera ndi pepala lotero kugombe, m'Chichewa ndi m'Chiyao, n'kutiuza kuti mutaya zakuti, mudzapeza zakuti, ndipo pakatipa tikuthandizani motere? Masamuwo akakhala oona ife tomwe tidzalondera nyanja. Ku Mbenji, ku Salima, anthu amatseka okha chilumba chaka ndi chaka pomvera mfumu yawo, chifukwa phindu lake amaliona ndi maso akatsegulira.

Koma ayi, kwathu kuno lamulo limangogwa ngati mphenzi. Werengani kaye! Mutiwerenge ifenso!

Ndi chimodzimodzi nkhani ya majumbo. Lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma microns 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) linabwera mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, Supreme Court inagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhalepo, koma kukokanakokana kunapitirirabe. Zaka zonsezo opanga majumbo anali ndi maloya owalankhulira. Mayi woyeza usipa wa pambale mumsika wa pa Boma analibe, ndipo palibe anamufunsa kuti chokulungira china chimudyera zingati pa phindu lake la tsikulo. Lero akukulungira m'mapepala a makope akale a ana asukulu, inki ikumatirira kunsomba.