Nkhondo ya m'buku imakoma pamene owerenga akulidziwa lamulo lake

Alembi anzanga a kuno ku Mchinji, makamaka achinyamata amene mwayamba kuponya nkhani zopeka za sayansi pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, tiyeni tikambirane za mitu yanu ya nkhondo. Zombo za m'mlengalenga zilipo zambirimbiri, moto ulipo, maiko akuphulika. Koma munthu akafika kumapeto kwa mutu sakumbukapo kanthu. Maganizo anga ndi akuti vuto ndi limodzi: owerenga sanauzidwe lamulo la nkhondoyo isanayambe.

Imani pa Kamwendo pomwe abambo akusewera bawo. Wosadziwa bawo amangoona manja akuthamanga m'maenje, ndipo sachedwa kuchokapo. Wodziwa amagwira pakamwa wosewerayo asanatole n'komwe, poti waona kale dzenje limene lidyedwe. Owerenga wanu ayenera kukhala munthu wachiwiriyu, ndipo amene angamufikitse pamenepo ndinu.

Amene anaigwira bwino ntchito imeneyi ndi Frank Herbert m'buku la Dune la 1965. M'dziko la m'bukuli, munthu amavala chishango chosaoneka bwino ndi maso chimene chimabweza chilichonse chobwera mwaliwiro. Chipolopolo sichilowa. Mpeni wobaya mwaphuma sulowa. Umalowa ndi mpeni wobwera pang'onopang'ono. Herbert sanadikire nkhondo kuti atiuze zimenezi. Anationetsa koyambirira kwenikweni, mnyamata Paul akuphunzitsidwa kumenya ndi Gurney Halleck m'chipinda, popanda wofa. Anawonjezanso malamulo ena awiri: kuombera chishangocho ndi mfuti ya kuwala kumabweretsa kuphulika kopha woombera ndi woomberedwa yemwe, ndipo kuchivala m'chipululu kumapengetsa nyongolotsi zikuluzikulu za mumchenga. Tsono taonani zimene zikuchitika Paul akakumana ndi Jamis, msilikali wa anthu a m'chipululu, onse awiri opanda chishango. Paul ndi wachangu pozemba, koma mkono wake unazolowera kuchepetsa liwiro mpeni ukamayandikira thupi la mdani, ndiye akuchedwa pobaya. Anthu oonerera akuganiza kuti mnyamatayo akuseweretsa mnzake mwankhanza. Owerenga yekha ndiye akudziwa kuti maphunziro amene anayenera kumuteteza ndi amene akumuika pangozi. Ndewu ya anthu awiri ndi mipeni iwiri, koma imakhala m'mutu zaka, chifukwa tinalowa m'bwalomo tikudziwa zimene oonerera sakudziwa.

Pochita zimenezi m'nkhani yanu, yambani ndi pepala lapadera. Pa chida chilichonse lembani zinthu zitatu: chimachita chiyani, chimalephera pati, ndipo kuchigwiritsa ntchito kumadya chiyani, kaya ndi mafuta, magetsi, nthawi kapena magazi. Ngati simungathe kulemba pomwe chimalephera, chidacho sichinapse. Kenako muonetse chikugwira ntchito pa nkhani yaing'ono, mitu iwiri kapena itatu nkhondo isanafike. Akuluakulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Chimene chimaononga nkhani zambiri n'chakuti mlembi wawapanikiza anthu ake pakona, wasowa potulukira, ndiye mwadzidzidzi katswiri wina akutulutsa mfuti yatsopano imene sitinaimvepo. Pamenepo owerenga amadziwa kuti chilichonse chingachitike, ndipo mantha amamuthera.

Lamulo labwino limatha kubweza nkhondo m'mbuyo mpaka kwa makolo. Joe Haldeman, amene anamenya nawo nkhondo ya ku Vietnam n'kuvulala, m'buku la The Forever War la 1974 anaika asilikali ake m'bwalo lina lopangidwa ndi makina, momwe palibe chinthu chingathamange kupitirira mamita 16.3 pa sekondi. Liwiro limenelo ndi pafupifupi makilomita 59 pa ola, la minibasi yosathamanga kwambiri. Mfuti sizigwira ntchito mmenemo, ndiye asilikali a m'tsogolo akugwira malupanga, mikondo, mauta ndi mivi, ndipo kungokalika pang'ono chovala chokuteteza ndi imfa.

Musaganize kuti malamulo onse muyenera kuwapeka. Chilengedwe chinakupatsani ambiri aulere, ndipo ndi oopsa kuposa opeka.

Loyamba ndi mtunda. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo palibe uthenga wa wailesi ungakupose. Kuchokera ku mwezi kumatenga sekondi imodzi ndi pang'ono, kuchokera ku dzuwa mphindi 8 ndi masekondi 20, ndipo uthenga wopita ku Mars umatenga pakati pa mphindi 3 ndi 22 malingana ndi pomwe maiko awiriwa ali. Tanthauzo lake pankhondo n'lakuti mdani wakutali simumuona pomwe ali, mumamuona pomwe anali. Chombo chozungulira dziko lathu pafupi chimayenda makilomita pafupifupi 7.7 pa sekondi. Mtunda wa kuchokera pa boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 110, chimaudutsa m'masekondi 14. Chombo chotere chikakhala patali ngati mwezi, mukamachiona chasuntha kale makilomita 10. Mwana wa legeni amadziwa kuti mbalame youluka umaiponyera kutsogolo. Woombera wanu achite chimodzimodzi, ndipo woyendetsa chombo cha adani akudziwa zimenezo, ndiye akusinthasintha njira. Nkhondo yasanduka yolotera maganizo a mnzako. Komanso mkulu wa asilikali amene ali kwawo sangalamule chilichonse: lamulo lake likamafika, anthu ake afa kale kapena apambana kale. Kaputeni ali yekha. Mlembi wochenjera amasiya uthenga wa mkuluyo ufike nkhondo itatha.

Lachiwiri ndi kuima. Kumwambako kulibe msewu wogwira matayala, kulibe mpweya wogwira mapiko, choncho chombo sichikhota ngati njinga ya kabaza. Chikawonjezera liwiro kwa ola limodzi ndi mphamvu yofanana ndi imene dziko limatikokera pansi, chimafika pa makilomita 35 pa sekondi. Kuti chiime, chiyenera kutembenuka, injini iloze kumene chikupita, n'kuyaka ola lina lathunthu, ndipo pa ola limenelo chimayendabe makilomita oposa 60,000. Ndiye magulu awiri othamangirana maso ndi maso amadutsana m'kuphethira kwa diso. Maola ambiri odikira, sekondi imodzi ya moto, kenako maola ena owerenga amene atsala. Apa m'pamene ambiri amaphonya: amathera masamba asanu pa sekondi imodzi ija n'kudumpha maola odikira, chonsecho mantha ali m'kudikirako. Muwonjezerenso thupi la munthu. Mphamvu yokankha ikafika kasanu kuposa kulemera kwake n'kukhalitsa, munthu wamba amayamba kuona mdima n'kukomoka, chifukwa magazi sakufika ku ubongo. Oyendetsa ndege zankhondo amapirira mpaka pafupifupi ka 9 kwa kanthawi kochepa, atavala zovala zofinya miyendo ndi mimba. Makina angathe kukhota kwambiri kuposa pamenepo, anthu ali m'katimo ndi amene sangathe.

Bomba silifunikanso kwenikweni. Chinthu cholemera ngati paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, chikamayenda makilomita 3 pa sekondi, chimamenya ndi mphamvu yofanana ndi kilogalamu imodzi ya TNT, wonga wa m'mabomba. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Zidutswa za chombo cha mnzako chimene chaphwanyika patsogolo pako zingakuphe bwinobwino kuposa mdani.

Kutentha nako ambiri amakuiwala. Chombo chili ngati fulasiki ya tiyi: pozungulira palibe mpweya wochotsa kutentha. N'chifukwa chake International Space Station, siteshoni ya m'mlengalenga yozungulira dziko lathu, ili ndi mapiko akuluakulu otayira kutentha, momwe mumayenda amoniya. Mfuti iliyonse ikalira, injini iliyonse ikayaka, kutentha kumatsalira m'kati. Mdani akathyola mapiko amenewo, kaputeni ayenera kusankha pakati pa kupitiriza kuombera ndi kuphika anthu ake. Phokoso la kunja kulibe, poti kulibe mpweya woliyendetsa. Chombo cha pafupi chikuphulika mwakachetechete, ndipo chimene munthu wanu akumva ndi mpweya wake m'chipewa ndi kugogoda kwa tizitsulo pa khoma. Khomalo likabooka, munthu saphulika ndipo sauma nthawi yomweyo. Amakhala ndi masekondi 10 kapena 15 asanakomoke. Masekondi 15 ndi okwanira kutseka chitseko chimodzi, ndipo mlembi asankhe kuti ndani atsale mbali inayo.

Tsopano za chiwerengero. Zombo chikwi sizichititsa mantha kuposa chombo chimodzi, pokhapokha kuchulukako kukhale ndi ntchito. Liu Cixin m'buku la The Dark Forest la 2008 anasonkhanitsa zombo za anthu pafupifupi 2,000 n'kuzindandalika m'mizere yoongoka ngati pa perete, zonse kukalandira kanthu kamodzi ka alendo kooneka ngati dontho la madzi. Kanthuko kalibe mfuti. Kamangoboola chombo chimodzi, kutulukira kwina, kulowa chotsatira, ndipo mizere yokongola ija ndi imene ikukafupikitsira ntchito. Chiwerengerocho chikuonetsa kudzikuza kwa anthu, n'chifukwa chake chikupweteka.

Chitsanzo chimene chiyenera kutikhudza kwambiri ife a kuno ndi cha H. G. Wells, The War of the Worlds. Zolengedwa za ku Mars zafika ku England ndi makina a miyendo itatu, aatali pafupifupi mamita 30, okhala ndi cheza chootcha ndi utsi wakuda wakupha. Anthu akuthawa pa nyanja ku gombe la Essex. Makina atatu alowa m'madzi kuti awatsekereze, ndipo sitima imodzi yankhondo, Thunder Child, ikuthamangira komweko. Ikugwetsa amodzi, ikuyaka moto, koma ikupitabe mpaka kugwetsa achiwiri, n'kutheratu. Wells sanatiike m'chipinda cha kaputeni wa sitimayo. Tikuonera pa sitima ya othawa, m'maso mwa mchimwene wa wofotokoza nkhani, pakati pa anthu opanikizana amene moyo wawo ukudalira zimene zikuchitika patsogolo pawo, ndipo utsi ndi nthunzi zikubisa mapeto ake. Nkhondo yonseyo sinapambanidwenso ndi asilikali. Alendowo anaphedwa ndi tizilombo ta matenda.

Bukuli linatuluka mu 1898. M'chaka chomwecho, kutsidya kwa Mwami kuno, Angoni a Mpezeni motsogozedwa ndi mwana wake Nsingo anaima ndi mikondo ndi zishango pamaso pa asilikali a Britain okhala ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Anagonjetsedwa, Nsingo anaphedwa, ng'ombe zinalandidwa, ndipo boma lathu lino linadziwika ndi dzina la Fort Manning kwa zaka zambiri. Zimene Wells ankapeka kuti azungu anzake alawe, kuona adani obwera ndi zida zimene sungazifikire n'komwe, kuno zinachitikadi. Zimandiwawa kuona mlembi wa ku Mkanda kapena kwa Mlonyeni akukopera kaputeni wa m'mafilimu, chonsecho funso lalikulu la nkhani zotere lili m'mbiri ya agogo ake: munthu amachita chiyani pamene kulimba mtima kwake kuli kokwanira koma chida chake sichifika? Maso a nkhani yanu muwapatse munthu ameneyo, kapena mayi amene ali m'phiri ndi ana akumva mizinga kumusi.

Pokhala pansi kuti mulembe, jambulani mapu kaye, ngakhale pa chikuto cha kope. Ikani pomwe aliyense ali, mtunda wapakati pawo, ndi njira yothawira. Pambali lembani wotchi: mphindi yoyamba chikuchitika n'chiyani, yachisanu, yakhumi, ndipo mpweya kapena mafuta atha pa mphindi iti. Owerenga auzidwe nambala imeneyo msanga kuti aziwerenga nanu. Mayina a anthu asapitirire atatu kapena anayi m'mutu umodzi, ndipo onse tikhale titakumana nawo kale. Kupha munthu amene dzina lake talimva m'ndime yomweyo sikugwetsa msozi. Khalani m'mutu mwa munthu mmodzi. Zimene iye sakuona, ifenso tisazione, ngakhale zikhale zokoma chotani. Pulani imene asilikali anagwirizana itchulidwe poyera, kenako iwonongeke pa chifukwa chochokera m'lamulo lija munaliika kale, osati mwa tsoka wamba.

Chichewa chathu chili ndi zida zimene Chingerezi chilibe. Mawu ngati phwa, thi, zii, psiti, balala amachita m'kamphindi zimene ena amafunira chiganizo chathunthu. Koma akachuluka amasanduka nthabwala, choncho awiri kapena atatu pa mutu wonse akwana, ndipo zii muisungire pamene chombo chija chikuphulika popanda phokoso. Poti ambiri amawerengera pa foni, ndime zikhale zazifupi pomenyana, zitalike podikira. Mawu 700 kapena 800 amakwana ndewu imodzi ngati maziko anaikidwa kale.

Mutu usathere pa kuphulika komaliza. Wina awerenge mabedi opanda eni, wina ayese mpweya wotsala n'kuugawa ndi chiwerengero cha amoyo, ndipo bala limene munthu walandira lero limulepheretse kukwera makwerero m'mutu wotsatira.