Malangizo awowo si a ife a ma visa

Dzulo ndinalowa nawo msonkhano wina wa pa Zoom wa achinyamata ofuna kukwera pa ntchito yoyendetsa zamasewero m'mayunivesite kuno ku America. Bambo wina wa tayi, amene wakhala athletic director, mkulu wa zamasewero pa yunivesite, zaka zambirimbiri, ankangobwereza nyimbo imodzimodzi: dziwanani ndi anthu, gwirani ntchito yongodzipereka, musakane kusamukira dera lililonse. Ndinazimitsa kamera n'kuyamba kuseka ndekha.

Kudzipereka kwake kuti kumene ndisanachite? Ine ndinabwera pa visa ya F-1, imene imalola wophunzira kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Koma ndili graduate assistant, wophunzira wothandiza ntchito mu ofesi ya compliance, yoonetsetsa kuti malamulo a zamasewero akutsatidwa, Loweruka la mpira wawo wa zipewa uja ndinkafika m'bandakucha, chisanu chikuboola mafupa, kulemba mayina a anyamata a ku sekondale obwera kudzaona timu, n'kuweruka magetsi a pabwalo atazima. Papepala ankalemba 20 basi. Chopweteka n'chakuti ntchito yanga inali yowerengera osewera maola, poti NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'mayunivesite, imati wosewera asapitirire maola 20 pa sabata nthawi ya ligi. Awo ndinkawalondera ngati nkhuku yofungatira, angawa panalibe wowerenga.

Ndiye pali nkhani ya NIL, ufulu wa wosewera pa dzina ndi nkhope yake. Kuyambira pa 1 July 2021 osewera analoledwa kupanga ndalama ndi dzina komanso nkhope zawo, ndipo mu 2025 khoti litavomereza mgwirizano wa mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA, sukulu zinayamba kugawana ndi osewera ndalama zofika madola 20.5 miliyoni pa sukulu iliyonse m'chaka choyamba. Mtsikana wina wothamanga wa ku Kenya anabwera mu ofesi foni ili m'manja, kundionetsa mnzake wa m'chipinda chimodzi akutsatsa malo ogulitsa magalimoto pa Instagram. Iye amathamanga kuposa mnzakeyo kutalitali. Amene anamuuza kuti visa yake siyilola ganyu yotere ndine, mbale wake wa visa yomweyo. Sanalire. Anangopinda kapepala ka malamulo kaja kanayi n'kukaika mu nsapato yomwe ananyamula.

Nditamaliza sukulu anandipatsa OPT, chilolezo chogwira ntchito miyezi 12, nthawi yoti ndipeze wondisunga. Ma interview ankayenda bwino mpaka funso lija: kodi mudzafuna sponsorship, kuti tikupemphereni visa ya ntchito? Ukangoti inde, nkhope zonse zimagwa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mayunivesite salowa nawo m'mayere a visa ya ntchito ya H-1B, akhoza kukupemphera visa mwezi uliwonse. Ku sukulu ina ndinachita kufotokozera ndekha mayi wa ku HR lamulo limeneli, ine wopempha ntchito kuphunzitsa wolemba ntchito. Anathokoza kwambiri, n'kulemba wina.

Kumudzi nako sakumvetsa. Amalume amauza anthu kuti ndine kochi, ndipo mwezi ndi mwezi amafunsa za majezi a timu ya pa Mponela.

Mnyamata wina wa ku Zomba wandilembera pa WhatsApp kuti akufuna njira yomweyi. Ndamuuza kuti asathamangire ku marketing, kumene aliyense amafuna kukajambulitsa ndi osewera. Alowe ku compliance, aloweze buku la malamulo a Division I, gulu lapamwamba la NCAA, ndi Title IX ya 1972, lamulo loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'masukulu, mpaka makochi azimuopa, ndipo funso la visa alifunse yekha tsiku loyamba, asanawononge ndalama ya suti.