Mukuzimitsa antivayirasi ndi manja anu, kenako mukulira mafayilo?

Sabata yathayi malo ena olemberapo makalata ndi kusindikiza zithunzi atseka, ndipo vuto silinali magetsi ayi. Mnyamata wa pakompyuta ankafuna Photoshop yaulere. Anaipeza pa tsamba la mapulogalamu obedwa, malangizo ake akuti uyambe wazimitsa antivayirasi, iye n'kuzimitsadi. Pofika masana ma CV a anthu, zithunzi za maukwati, buku la angongole, chilichonse chinali ndi kamchira ka zilembo zinayi kumapeto kwa dzina lake, palibe fayilo yotseguka. M'mafoda munali kakalata kotchedwa _readme.txt kofuna madola 980, kapena 490 ukawalembera akubawo maola 72 asanathe. Nanga hard disk yosungirako zinthu? Inali yobayika pa kompyuta yomweyo usana ndi usiku, nayonso anaitseka.

Ndatopa nazo zimenezi, abale anga. Kodi munthu akafika usiku n'kukuuzani kuti mumange kaye agalu ndiye alowe, mumamanga?

Kakalata kameneko ndi chizindikiro cha ransomware, vayirasi yotseka mafayilo n'kufuna dipo, ya mtundu wa STOP, yomwe ena amati Djvu. Imeneyi sithyola pakhomo. Imabwera m'kati mwa Office wobedwa, m'ma crack (timapulogalamu tothyolera loko wa pulogalamu yogulitsa) a masewera, m'timapulogalamu ta "activator" tomwe mumapatsirana pa fulashi ngati fodya wa mwambo. Ena inu mumalandira imelo yoti ndi invoisi, dzina lake invoice.pdf.exe, koma poti Windows imabisa kamchira komaliza ka .exe, kosonyeza kuti ndi pulogalamu, mukuona .pdf yokha n'kudina. Invoisi ya katundu amene simunagule, mukuitsegulira chiyani? Chikalata cha Word chikukuuzani kuti dinani Enable Content, inu osafunsa, dii. Maofesi ena anasiya Remote Desktop, njira yolowera mu kompyuta uli kutali, ili yasaa pa intaneti, pa port 3389, pasiwedi yake 123456 kapena dzina la kampani, chifukwa bwana amafuna kuona za maakaunti ali kunyumba. Ndiye mukudabwa chiyani?

Palinso aja osafuna ma update ati amadya bandulo. Mu May 2017 ransomware ina yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'mayiko oposa 150, zipatala za boma za NHS ku Britain mpaka kubweza odwala. Bowo lomwe inalowera Microsoft inali italitseka kale mu March chaka chomwecho. Amene anavulala ndi amene sanaike update. Windows 7 inasiya kulandira zigamba mu January 2020, Windows 10 mu October 2025, koma inu mukusungirabe malipiro a antchito pa makina oterowo. Musamatinso izi n'za azungu. Mu February 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a mapasipoti alowedwa ndi anthu omwe ankafuna dipo. Ngati anafika kumeneko, ka laputopu kanu angakaope?

Tsono zikakuonekerani, lekani kuthamanga ngati nkhuku yodulidwa mutu. Zulani chingwe cha netiweki, zimitsani Wi-Fi, chotsani fulashi iliyonse. Kompyuta zina za mu ofesi momwemo zichotseninso pa netiweki, chifukwa mafoda ogawana amatsekedwa limodzi. Ndipo chonde, musatenge hard disk yanu yabwino n'kuibaya pa kompyuta yodwalayo kuti "muone ngati zinthu zilipo." Zilipo, inde, mpaka mutaibaya.

Musafomatenso msanga. Amisiri ambiri a m'misika mankhwala awo ndi amodzi, kufomata basi, ndipo akatero umboni wonse wapita. Jambulani kakalata kaja ndi foni. Tengani kakalatako ndi fayilo imodzi yotsekedwa, yopanda zinsinsi, mupite nazo pa kompyuta ina yabwino, muziike pa tsamba la ID Ransomware kapena la No More Ransom, lomwe Europol, bungwe la apolisi a ku Ulaya, ndi apolisi a ku Netherlands anayambitsa mu 2016 pamodzi ndi makampani a antivayirasi. Kumeneko mudziwa mtundu wa chirombo chanu komanso ngati pali pulogalamu yaulere yotsegulira.

Kuchotsa chirombocho si ntchito yaikulu. Yendetsani Microsoft Defender Offline, yomwe imazimitsa kompyuta n'kufufuza Windows isanadzuke, kapena lowani mu Safe Mode muyendetse antivayirasi ya Malwarebytes yomwe mwatenga pa kompyuta ina. Mukatha, tsegulani Task Scheduler, pomwe Windows imasunga ntchito zodziyambitsa zokha. Djvu imasiyamo ntchito yotchedwa Time Trigger Task yoti izidzidzutsa yokha pakapita mphindi zingapo, n'chifukwa chake mafayilo atsopano amatsekedwanso mukamati zatha. Ifufuteni. Yang'ananinso fayilo ya hosts mu C:\Windows\System32\drivers\etc, chifukwa mitundu ina imalembamo mayina a masamba a antivayirasi kuti asatseguke. Crack ija ifufuteninso, musaisunge ati mudzaiyesanso.

Koma mvetsani apa, chifukwa ndi pomwe ambiri mumanamizidwa: kuchotsa vayirasi sikutsegula mafayilo. Antivayirasi ikhoza kunena kuti kompyuta yayera, mafayilo ali chitsekekere. Kusintha dzina, kuchotsa kamchira kaja, n'kutaya nthawi, popeza chasokonezedwa ndi cham'kati. Pa Djvu nkhani yagona pa kiyi, nambala yachinsinsi yomwe inatsekera mafayilowo. Ngati pa nthawi yotseka chirombocho chinalephera kulankhula ndi eni ake pa intaneti, chimagwiritsa ntchito kiyi imodzi yofanana kwa anthu ambiri, ndipo nambala yanu mu C:\SystemID\PersonalID.txt kawirikawiri imathera ndi t1. Pamenepo pulogalamu yaulere ya kampani ya Emsisoft ikhoza kukuthandizani, ngati kiyi ya mtundu wanuwo inapezeka kale. Ngati chinalankhula nawo, kiyi ndi yanu nokha ndipo ili m'manja mwa akubawo. Palibe mmisiri wa pa Facebook kapena Telegram amene angaithyole. Amene akukuuzani kuti mumutumizire ndalama akutsegulireni ndi wakuba wachiwiri. Mwaberedwa m'mawa, mukufuna muberedwenso madzulo?

Chotsala n'kutolera zomwe zapulumuka. Onani mu imelo zomwe munatumizira anthu, mu WhatsApp, m'makadi a kamera. OneDrive ndi Google Drive zimasunga makope akale kwa masiku angapo, choncho fulumirani. Previous Versions ya Windows yesani, koma musaidalire, chifukwa ransomware zambiri zimayamba ndi kufufuta makope amenewo. Djvu imatseka chigawo choyambirira chokha cha fayilo, pafupifupi 150 KB, ndiye mavidiyo aakulu nthawi zina amakonzeka pang'ono. Mafayilo otsekedwawo akopereni pa disk ina muwasunge, kiyi ikhoza kudzapezeka m'tsogolo. Mukatero ndiye fomatani, ikani Windows yoyera.

Za kulipira dipo ine sindivomereza. Mukulipira munthu wosaoneka nkhope, pa Bitcoin yomwe sibwerera, ndipo palibe khoti lomwe mungakamusumire akakhala chete. Kanenani ku polisi, ndipo ku MACRA kuli nthambi ya Malawi CERT yoona zoterezi.

Chinanso chomwe mumaiwala: Djvu kawirikawiri siyenda yokha, imabwera ndi kapulogalamu koba mapasiwedi osungidwa mu browser. Imelo, Facebook, banki, zonse sinthani, ndipo musinthire pa foni kapena kompyuta ina, osati yodwalayo. Yatsani chitetezo chofuna nambala yachiwiri polowa.

Makope a ntchito yanu akhale atatu: pa kompyuta, pa disk yomwe mukangomaliza kukopera mumaizula n'kuitsekera mu kabati, ndi ina kutali kapena pa intaneti. Kamodzi pamwezi tsegulani mafayilo angapo muone ngati akutsegukadi. Mu File Explorer yatsani File name extensions kuti .exe izioneka. Mu Windows Security muli Controlled folder access, yoletsa mapulogalamu osadziwika kusintha mafayilo anu, yaulere, koma imabwera yozimitsidwa, iyatseni. Antchito ndi ana asamagwiritse ntchito akaunti ya Administrator. Ndalama ya Office palibe? LibreOffice ndi yaulere, GIMP yokonzera zithunzi ndi yaulere, ndipo palibe mwa izo imene idzakuuzeni kuti muzimitse antivayirasi.

Ndamva kuti mnyamata uja akufunsa kale anzake komwe angapeze crack ina "yopanda vayirasi." Manyazi mulibe?