Rig ikubwera si mafuta, thumba la maliro lisiyeni

Ndakwiya, ndipo ndilankhulira pano poti pamsonkhano munanditseka pakamwa. Inu a sosaite yathu ya maliro ya ku Mufakose mukudzidziwa, werengani mpaka pansi. Enanu werenganinso, chifukwa matendawa alowa m'makomo ambiri muno mu Harare, ku Highfield, ku Mabvuku, ku Dzivaresekwa, kulikonse kumene kuli mwana wa Mmalawi wogwira foni m'manja.

Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi tinakumana pakhomo pa a wapampando, pansi pa mtengo wa mapeyala uja. Ine ndinanyamula kope la ndalama, lachikuto chofiira lomanga ndi mphira lija, kuti ndiwerenge amene apereka ndi amene sanapereke. Ndisanalitsegule n'komwe, anaimirira mnyamata wina, mwana wa m'bale wathu amene tinakamuika kumanda a ku Mbudzi ndi ndalama za thumba lomweli. Wabwera kutchuthi kuchokera ku UK. Anatulutsa foni n'kuyamba kuiyendetsa m'manja mwa akuluakulu. Pafonipo panali chithunzi cha chisitima chokhala ndi nsanja pakati, chili panyanja, ndi kamzere kobiriwira kokwera ngati njira ya kuphiri. Akuti kuli kakampani kena pamsika wa masheya wa ku London, kali ndi chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la Africa, sheya imodzi mtengo wake sufika ndi wa tomato mmodzi wa ku Mbare. Ndiye rig ikubwera. Mawu ake anali omwewo basi. Rig ikubwera amalume, rig ikubwera agogo, ikangofika mtengo ukwera kakhumi, titenge theka la thumba tigule kusanade.

Ndinakweza dzanja n'kufunsa funso limodzi lokha: mafutawo awapeza? Iye amvekere, "Azakhali, izi n'za masheya, n'zovuta kuti muzimvetse, rig ikubwera." Azibambo a imvi zawo anawomba m'manja. Wina anachita kundiuza kuti mayi khalani pansi mwana alankhule, wayenda uyu. Ine amene ndasunga kope limeneli zaka 11 popanda senti kusowa, ndikhale pansi?

Ndiye imvani tsopano. Rig ikubwera si mafuta. Rig ndi chipangizo chobwereka chokaboolera pansi kuti aone ngati muli kanthu. Khasu likakhala panjira sindiye kuti nkhokwe yadzadza. Munthu akakuuzani kuti rig ikubwera, wakuuzani kuti sakudziwa chimene chili pansipo, ndipo chomuuzira sichinafikenso. Ali ndi pepala la boma, ali ndi mapu ojambula ndi makina omvera miyala ya pansi pa madzi, ali ndi chiyembekezo. Mafuta alibe. Botolo limodzi lomwe alibe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Nanga uyu amene sanafike ndi pachala pomwe, adakali m'munda mwa eni ake, timutche chiyani?

Zimenezi sindinazimve pawailesi. Mchimwene wanga weniweni wa ku Johannesburg anaika ndalama zogulira galimoto m'kampani yotereyi. Zaka zitatu zathunthu uthenga wake pa WhatsApp unali umodzi: chemwali, rig ikubwera. Mwezi wa 6 wasanduka wa 10, wa 10 wasanduka chaka chamawa. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga ndekha zikalata zimene makampaniwa amatulutsa, usiku ana atagona, magalasi pamphuno, mpaka ndinamvetsa mmene gule wake amavinidwira. Tsiku limene rig inamaliza ntchito, mchimwene wangayo anandiimbira m'mawa, mawu osatuluka bwino. Mpaka lero amakwerabe taxi.

Timakampani timeneti rig tilibe. Rig zili ndi eni ake, makampani monga Transocean, Valaris ndi Stena, ndipo sitima yoboolera m'madzi akuya m'zaka za 2023 ndi 2024 inkabwerekedwa pamtengo woposa madola 400,000 patsiku. Patsiku, osati pamwezi! Chitsime chimodzi chimadya mamiliyoni makumimakumi. Mwini rig akaona Shell kapena TotalEnergies ikufuna kumugwira zaka ziwiri, mukuganiza kuti angathamangire kakampani kofuna chitsime chimodzi kokhala ndi ndalama zopemphetsa? Kamangoima pamzere kudikira mpata. Ntchito ya woyamba ikachedwa, kadikire. Nyengo ya mafunde ikafika, kadikire. Kampani yaikulu imene amayembekeza kuti igula gawo la chilolezo n'kulipira chitsime ikasintha maganizo, kadikirenso. Pakudikira ponsepo kakampaniko sikagulitsa kalikonse, koma mabwana ake amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, ofesi imalipiridwa, chilolezo chimalipiridwa. Ndalamayo imachokera kuti? Amasindikiza masheya atsopano n'kugulitsa motsitsa mtengo. Nsima ili yomweyo, odya achuluka. Iwe amene unagula kale, mtanda wako ukucheperachepera uli chikhalire kudikira rig.

Ndipo kamzere kobiriwira kamene munakawombera m'manja kaja, mukudziwa chimene chimakakweza? Si mafuta. Ndi anthu onga inu nomwe, omva kuti rig ikubwera n'kuthamanga. Amene anagula kalekale amadikira phokoso likule kuti agulitse kwa ofika mochedwa, rig isanakhudze n'komwe pansi. Iwo amadya chiyembekezo chanu, inu mumatsala ndi chitsime. Nkhani yoti ifike pansi pa mtengo wa mapeyala ku Mufakose, yadutsa m'makutu angati? Ife ndife omaliza pamzere, abale. Omaliza!

Tinene kuti yafikadi. Kampani ya Bahamas Petroleum inadikira zaka zoposa 10 kuti iboole chitsime chake choyamba. Sitima ya Stena IceMAX inafika, inayamba kuboola mu December 2020, anthu mitima m'mwamba. Mu February 2021 analengeza kuti mulibe mafuta okwanira kuchita nawo malonda, ndipo mtengo wa masheya unagwa tsiku lomwelo ngati mwala woponya m'dziwe. Chariot inaboola zitsime ziwiri m'nyanja ya ku Namibia mu 2012, Tapir South ndi Kabeljou, zonse osapindula. Eco Atlantic inaboola chitsime cha Gazania m'nyanja ya ku South Africa mu 2022, chimodzimodzi. Onsewa rig inabwera. Inabwera ndithu, anthu anaiona ndi maso, zithunzi zinayenda pafoni. Mafuta ogulitsa sanabwere. Zitsime zambiri zoyamba pamalo atsopano zimathera pomwepo, ndipo eni ntchitoyo amadziwa, n'chifukwa chake makampani akuluakulu amagawana chitsime chimodzi atatu kapena anayi kuti chikauma asalire yekha mmodzi.

Ndikuidziwa nkhani imene anyamatawa amaikonda. Cove Energy, kakampani ka ku London komweko, kanali ndi gawo la 8.5 peresenti m'dera la Rovuma ku Mozambique, gasi atapezeka kanagulidwa ndi PTTEP ya ku Thailand mu 2012 pamtengo wa mapaundi pafupifupi 1.2 biliyoni. N'zoona, sindikukana. Koma dzina limodzi lomwelo ndi limene limatchulidwa chaka ndi chaka, pamene amene anagwa palibe owawerenga. Komanso taonani nthawi yake. Gasi wa ku Rovuma anapezeka mu 2010, sitima yoyamba kumunyamula kupita kumsika inanyamuka mu November 2022. Ku Namibia, Shell ndi TotalEnergies analengeza kuti apeza mafuta kumayambiriro kwa 2022, dziko lonse linagwedezeka, chitsime cha Venus chili pansi pa madzi akuya mamita pafupifupi 3,000. Pofika January 2025 Shell yomweyo inafafaniza m'mabuku ake madola pafupifupi 400 miliyoni chifukwa mafuta amene inapezawo inaona kuti n'ngovuta kuwatulutsa mopindula. Shell ili ndi msana wosenza zimenezo. Ife msana wathu ndi madola 5 pamwezi a gogo wogulitsa masamba pamsewu.

Komanso ife, ife anthu a kuno, tingapusitsidwenso ndi mawu oti mafuta? Mwaiwala 2007, sing'anga uja wa ku Chinhoyi amene ankati dizilo akutuluka m'thanthwe, nduna za boma n'kupita kukaona zitavula nsapato, pamene kuseri kunali paipi? Kwathu ku Malawi, kampani ya Surestream inapatsidwa chilolezo chofufuza mafuta m'nyanja ya Malawi mu 2011, anthu anakangana, mkangano wa malire ndi Tanzania unabukanso, asodzi a ku Karonga ndi ku Nkhata Bay anada nkhawa ndi usipa wawo. Chitsime cha mafuta m'nyanjamo mwachionapo? Ku Muzarabani kuno, kumene n'kumtunda kopanda mafunde, Mobil inafufuza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, koma chitsime choyamba anadzaboola a Invictus mu 2022, patadutsa zaka pafupifupi 30, ndipo za gasi analengeza mu December 2023. Ntchito imeneyi imayenda ndi zaka makumi. Maliro amayenda ndi maola.

Apa ndiye pamene pakundiwawa. Imfa siidikira rig. Foni ikalira 3 koloko usiku kuti mayi uje atisiya kuchipatala cha Parirenyatwa, amathamangira pakhomo panga, osati ku London. Kukacha pafunika bokosi, pafunika galimoto yonyamula thupi, basi yopita kumanda, ufa, kabichi, mafuta ophikira, nkhuni za pasiwa usiku wonse, malo ku Mbudzi kapena ku Warren Hills. Onsewo amafuna ndalama yogwirika m'manja tsiku lomwelo. Ndikaime pamaso pa namfedwa, chitenje kumutu misozi ili chuchuchu, ndimuuze kuti pepani mayi, bokosi lidikire, rig yachedwa ku Angola? Inu amene munawomba m'manja, ndani mwa inu adzapite kukanena mawu amenewo? Tulukani tikuoneni. Makolo athu anabwera kuno wapansi kuchokera ku Nyasaland, kudzagwira m'migodi, m'mafamu ndi m'makhitchini a azungu a mu Salisbury, Harare wa leroyu. Analibe mudzi kuno, analibe manda a makolo, analibe wowalira. Anayambitsa masosaite amenewa kuti mlendo asaikidwe ngati galu. Thumba limeneli ndi ulemu wathu womaliza. Si la juga.

Inde ndikudziwa, kugwa kwa ndalama ya Zimbabwe mu 2008 kunatidyera mapenshoni, mu 2019 kunatidyanso, aliyense akufuna pothawira. Koma wothawa moto sadziponya m'chitsime chimene sanachione pansi pake.

Amene muli ndi ndalama zanuzanu zapadera, zoti zikapita simugona ndi njala, gulani, sindikuletsani, n'zanu. Gulani mukudziwa kuti mukubetcha. Koma za gulu ayi. Za amasiye ayi. Ndipo funso lina limene munandiletsa kufunsa ndi ili: masheyawo alembedwa m'dzina la ndani? Sosaite yathu ilibe akaunti ku London. Agulidwa pafoni ya mnyamata mmodzi, m'dzina lake, nambala yachinsinsi ili m'mutu mwake, iye ali kutsidya kwa nyanja. Sindikuti ndi wakuba, ndinamuona akubadwa, ndinamubereka kumbuyo. Mwina akukhulupiriradi ndi mtima wonse, monga ankakhulupirira mchimwene wanga. Koma kukhulupirira kwake si mafuta, monganso rig yakeyo si mafuta. Pepala si mafuta, chithunzi cha sitima si mafuta, kamzere kobiriwira si mafuta. Wapachala ngwa mphepo, ndabwerezanso, ndipo ndidzabwereza Lamlungu likudzali pamaso panu nonse. Siginecha yanga pa ndalama imeneyo simudzaiona. Mukafuna, sankhani msungichuma wina, kope ndikupatsani masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona, ndalama zitawerengedwa mpaka senti yomaliza.

Chinanso chimene chikundinyansa. Ena mwa amene munakuwa kwambiri kuti tigule tigule, m'kope langa muli ndi ngongole kuyambira January. Madola 5 akukukanikani, koma pakamwa pali mamiliyoni. Ana anu ali ku UK ndi ku Cape Town amatumiza mavidiyo a masheya tsiku ndi tsiku pagulu la WhatsApp, koma uthenga wa zovuta ukaikidwa pomwepo amangoyankha ndi kachithunzi ka manja opemphera, chipepeso osatumiza. Tenti yathu inang'ambika pamaliro a mwezi wa February, azimayi ananyowa usiku wonse akuimba, mpaka lero palibe waisoka. Mapoto akuluakulu awiri anabwerekedwa kuukwati chaka chatha, sanabwerere, ndipo amene anawatenga anakhala kutsogolo Lamlungu lija akuwomba m'manja kuposa onse. Mapotowo ndikuwafuna pakhomo panga lisanafike Lachisanu, otsuka.